Mawu Akasowa Kapena Kuthetheka mu Voicemeeter: Kusaka Pomwe Pali Vuto

Voicemeeter ndi mikisa ya m'kati mwa kompyuta. Imalandira mawu kuchokera ku maikolofoni ndi ku mapulogalamu monga Zoom, VLC kapena Chrome, kenako n'kuwagawa: awa apite ku mahedifoni, awa ku OBS, pulogalamu yowulutsira pa intaneti, kuti akamveke pa Facebook kapena pa YouTube, awa abwerere kwa mlendo amene akuyankhula pa Zoom. Ndi ya kampani ya VB-Audio ya ku France, ndipo imayenda pa Windows pokha. Owulutsa mapemphero, a wayilesi za pa intaneti ndi ojambula ma podcast amaikonda chifukwa munthu amaitenga osalipira kaye, eni ake amangopempha kuti amene yamuthandiza aperekeko kangachepe.

Mawu akavuta, ambiri amathamangira kuichotsa n'kuiikanso. Kawirikawiri kumeneko n'kungotaya nthawi. Mavuto ochuluka amachokera pa zinthu zitatu: mawu atumizidwa kolakwika, zipangizo sizikugwirizana liwiro, kapena kompyuta ikuchedwa kupereka mawu pa nthawi yake. Palinso ena omwe pulogalamuyi imangonamiziridwa, pomwe gwero lake ndi zingwe ndi magetsi. Lililonse lili ndi kamvekedwe kake, ndiye mvetserani kaye musanadine batani lililonse.

Pano tikamba za Voicemeeter Banana, yomwe ili pakati pa mitundu itatu ya pulogalamuyi. Ili ndi mizere 3 yolandirira zipangizo zenizeni, mizere 2 yolandirira mawu a mapulogalamu, VAIO ndi AUX, ndi makomo 5 otulukira. A1, A2 ndi A3 amapita ku zipangizo zogwirika ndi manja: mahedifoni, masipika, interface ya USB (kabokosi kolumikizira mamaikolofoni ndi mahedifoni ku kompyuta). B1 ndi B2 sapita ku sipika iliyonse, amaonekera kwa mapulogalamu ena ngati maikolofoni. Voicemeeter Potato ili ndi makomo ochulukirapo, Voicemeeter wamba ili ndi ochepa, koma kaganizidwe kake n'kamodzi.

Mayina ake amasokoneza oyamba kumene. Voicemeeter Input mudzaipeza pa mndandanda wa masipika mu Windows, pomwe Voicemeeter Out B1, yomwe mitundu yakale imaitcha VoiceMeeter Output, ili pa mndandanda wa mamaikolofoni. Mayinawo anawapereka poyang'anira kumbali ya Voicemeeter: chomwe VLC ikutulutsa ndicho Voicemeeter ikulowetsa.

Kuli zii

Yambani ndi A1, pakona yakumanja kumwamba. Chipangizo chomwe mwaika pamenepo ndicho chimapereka liwiro lomwe injini yonse ya Voicemeeter imatsatira, choncho chikasokonekera chimasokoneza ngakhale B1. Dzina lake likaoneka lofiira, Voicemeeter yalephera kuchitsegula. Mwina chingwe chazuka. Mwina mwachisamutsira pa bowo lina la USB, ndipo Windows yachiona ngati chatsopano n'kuchipatsa dzina loyamba ndi "2-", pomwe Voicemeeter ikufunabe dzina lakale lija. Dinani A1, sankhaninso, ndipo kuyambira pamenepo chipangizocho chizikhala pa bowo limodzimodzi. Kachidutswa ka tepi kolembedwa pambali pa bowolo kamathandiza kwambiri pamene kompyuta imagwiridwa ndi anthu angapo. Mwinanso pulogalamu ina yojambulira nyimbo, monga FL Studio kapena Reaper, yachigwira yokha kudzera pa ASIO, imodzi mwa njira zomwe mapulogalamu amalumikizirana ndi chipangizo cha mawu. Itsekeni, kenako Menu, Restart Audio Engine.

Pa mndandanda wa A1 chipangizo chimodzi chimaoneka kangapo, ndi mawu akutsogolo osiyana: WDM, KS, MME, ASIO, omwe ndi mitundu ya driver, kapulogalamu koyendetsa chipangizocho. Ngati interface yanu ili ndi driver yakeyake ya ASIO, monga Focusrite Scarlett kapena Behringer UMC202HD, sankhani ASIO. Ngati ilibe, yambani ndi WDM. MME ndi yakale ndipo imachedwetsa mawu, koma kawirikawiri sikana, ndiye ndi yabwino poyesera: WDM ikakana MME n'kuvomera, mwadziwa kuti chipangizo n'chamoyo. Chenjezo limodzi pa ASIO: mukaika interface pa A1 mwa njira imeneyi, musaisankhenso ngati WDM pa Hardware Input 1. Mamaikolofoni ake alowetseni kudzera mu System Settings, pa gawo la PATCH ASIO, pomwe mumauza Voicemeeter kuti bowo 1 la interface lipite ku mzere woyamba. Kutsegula chipangizo chimodzi kawiri ndi ma driver awiri kumabala mikangano yovuta kuilondola.

A1 ikakhala bwino, tsatirani mamita. Mawu amadutsa malo anayi omwe muli mita, ndipo vuto limakhala pakati pa mita yomaliza yomwe ikusuntha ndi yoyamba yomwe yangoti duu.

Mita yoyamba ndi ya Windows: dinani Windows ndi R, lembani mmsys.cpl, pitani pa Recording, yankhulani. Ngati timizere tobiriwira pambali pa maikolofoni sitikukwera, Voicemeeter isiyeni kaye, mawu sanafike n'komwe mu kompyuta. Onani gain (chokwezera mphamvu ya maikolofoni) pa interface, onani chingwe, ndipo ngati maikolofoni ndi ya condenser yatsani batani la 48V, lomwe limagwira ntchito pa chingwe cha XLR chokha. Onaninso Settings, Privacy, Microphone: chilolezo cha mapulogalamu a pa desktop chikazimitsidwa, Voicemeeter imaonetsa dzina la maikolofoni bwinobwino koma silandira kanthu. Mukagwiritsa ntchito ASIO mita ya Windows imeneyi ikhoza kukhala chete ngakhale zonse zili bwino, ndiye dalirani kanyali ka pa interface.

Mita yachiwiri ndi ya mzere wa maikolofoni mu Voicemeeter. Yachitatu ndi ya khomo lotulukira, kumanja pansi. Ngati ya mzere ikusuntha koma ya B1 ayi, batani la B1 pa mzerewo silinayatsidwe, kapena batani la Mute layaka, kapena wina anasiya la Solo loyaka pa mzere wina n'kutontholetsa inzake. Fader, chokwezera ndi kutsitsira mawu pa mzerewo, ikakhala kuti yatsitsidwa, idineni kawiri, ibwerera pa 0 dB. Mita yachinayi ndi ya mu OBS. B1 ikusuntha koma OBS ili chete? Pitani Settings, Audio, muone ngati Mic/Auxiliary Audio yaloza pa Voicemeeter Out B1, osati pa Default.

Pamene maikolofoni ikumveka koma nyimbo za pa kompyuta ayi, wolakwa amakhala Windows. Mukangolumikiza pulojekita kapena TV pa HDMI, Windows imakonda kusamutsira mawu onse kumeneko osafunsa. M'matchalitchi momwe amaonetsa mawu a nyimbo pa khoma izi zimachitika mlungu ndi mlungu. Bwererani mu mmsys.cpl, pa Playback, dinani Voicemeeter Input, Set Default. Ngati mawu a HDMI simuwafuna n'komwe, dinani kumanja pa dzina la pulojekitayo n'kusankha Disable, nkhani yatha. Pali malo enanso obisika: pa Windows 10 ndi App volume and device preferences, pa Windows 11 ndi Volume mixer. Pamenepo pulogalamu iliyonse ikhoza kupatsidwa sipika yakeyake, ndipo zomwe wina anasankha miyezi yapitayo zimapambana Default. Pulogalamu imaonekera pa mndandandawo pokhapokha ikuseweretsa mawu.

Ndipo musaiwale chophweka: Voicemeeter ikakhala yotseka, chilichonse chopita ku Voicemeeter Input chimathera m'malere. Mu Menu chongani System Tray ndi Run on Windows Startup.

44100 ndi 48000

Kompyuta imadula mawu m'tizidutswa totchedwa ma sample. Liwiro lodziwika lilipo pawiri: 44100 pa sekondi, lomwe linabwera ndi ma CD, ndi 48000, lomwe ndi la mavidiyo. Mawu ojambulidwa pa 44100 akaseweredwa ngati a 48000 amathamanga ndi 8.8 peresenti n'kukwera pafupifupi semitone imodzi ndi theka. Zikatembenuka, mlaliki amamveka wa mawu aakulu, okoka. Zoterezi zimadziwika msanga. Chovuta n'chakuti nthawi zambiri Windows imasintha liwirolo yokha mwakachetechete, ndiye kusagwirizanako sikumveka poyera, kumangotulukira monga kuthetheka kwa apo ndi apo kapena mawu a loboti omwe amayamba pakapita mphindi zingapo.

Mankhwala ake ndi otopetsa koma osavuta. Mu mmsys.cpl tsegulani chipangizo chilichonse chomwe mukugwiritsa ntchito, pa Playback ndi pa Recording pomwe, kuphatikizapo za Voicemeeter zija, Properties, Advanced, ikani 48000 Hz. Mu Voicemeeter, System Settings, Preferred Main SampleRate ikhale 48000. Ngati interface ili ndi kapulogalamu kake, nakonso 48000. OBS, Settings, Audio, 48 kHz. Mukatha, Restart Audio Engine, n'kuyang'ana pamwamba pa System Settings pomwe pamalembedwa liwiro lomwe A1 yatsegukira. Zoti 16 bit kapena 24 bit zisakudetseni nkhawa, kusiyana kwake sikubweretsa kuthetheka. Kukwera kufika 96000 nako kulibe phindu pa ntchito yowulutsa. Mumangosenzetsa kompyuta katundu wowirikiza yemwe Facebook ikamutaya.

Mudakali pa Advanced pomwepo, muona bokosi lakuti Allow applications to take exclusive control of this device. Pa zipangizo za Voicemeeter lichotseni, kuti pulogalamu imodzi isatsekere zinzake kunja. Audio enhancements nazonso zizimitsidwe.

Kuthetheka

Apa ndi pomwe anthu amataya masiku, chifukwa zoyambitsa n'zambiri koma kamvekedwe n'kofanana. Musanasinthe kanthu, pezani kaye kuti kuthethekako kukubadwira pati. Dinani Start Recording mu OBS, jambulani mphindi 5, mvetserani failoyo ndi mahedifoni. Ikakhala yoyera pomwe owonera akudandaula kuti mawu akudukaduka, vuto ndi intaneti: yang'anani Dropped Frames pansi pa OBS, tsitsani bitrate (kuchuluka kwa data yotumizidwa pa sekondi) ya vidiyo, mwachitsanzo kuchoka pa 2500 kufika pa 1500 kbps pa 720p, koma ya mawu isiyeni pa 128. Ikakhala kuti failoyo nayo ikuthetheka, vuto lili m'nyumba momwemo.

Buffer ili ngati ndowa yomwe kompyuta imatungira mawu n'kukapereka ku chipangizo. Ndowa yaing'ono imafika msanga, koma imafuna maulendo ambiri, ndipo wotunga akangochedwa ulendo umodzi chipangizo chimapeza mulibe kanthu. Kampata kameneko ndiko mumamva kuti "the". Pa 48000 Hz, buffer ya ma sample 128 imatha mu 2.7 ms, ya 256 mu 5.3 ms, ya 512 mu 10.7 ms, ya 1024 mu 21.3 ms, ndipo 1 ms ndi gawo limodzi mwa magawo 1000 a sekondi. Kutanthauza kuti pa 128 kompyuta ikatanganidwa ndi zina kwa 3 ms yokha, owonera amva.

Mu System Settings muli mizere inayi ya Buffering: MME, WDM, KS ndi ASIO. Sinthani wa driver yomwe mukugwiritsadi ntchito. Ambiri amakweza wa MME pomwe A1 ili pa WDM, n'kumadabwa kuti palibe chasintha. WDM imabwera ili pa 512. Ikwezeni kufika 1024 muyese. Kuthetheka kukatha, mwatsimikiza kuti kompyuta imachedwa, ndipo mukhoza kuisiya pomwepo. Kwa owulutsa, 21 ms si kanthu, popeza Facebook ndi YouTube zimachedwetsa kale zonse ndi masekondi angapo. Amene amavutika ndi buffer yaikulu ndi woyankhula yekha ngati akudzimvera kudzera mu Voicemeeter. Iyeyo muyatsireni Direct Monitor pa interface, kuti azidzimva mawu osadutsa mu kompyuta, n'kuzimitsa A1 pa mzere wa maikolofoni yake kuti asadzimve kawiri. Malangizo a pa YouTube otsitsa buffer kufika 128 ndi a anthu oimba zida kudzera mu kompyuta zamphamvu, osati a laputopu ya ofesi yomwe ikukokanso OBS.

Ikamathethekabe pa 1024, funsani chomwe chikuchedwetsa kompyuta. Choyamba ndi magetsi. Laputopu ikachoka pa chaja imatsitsa liwiro la purosesa kuti isunge batire, ndiye mawu omwe anali bwino amayamba kuthetheka magetsi akangozima. Ikani Power mode pa Best performance, pa chaja ndi pa batire pomwe. Mu Power Options, Advanced settings, zimitsani USB selective suspend. Mu Device Manager tsegulani USB Root Hub iliyonse, Power Management, chotsani chizindikiro pa Allow the computer to turn off this device to save power. Interface ilowe mwachindunji mu kompyuta, osati pa hub yotchipa yomwe yanyamulanso kamera. Chachiwiri ndi kutentha. Laputopu yodzaza fumbi, itaikidwa pa nsalu ya patebulo, masana a mu Okutobala, imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse. Chizindikiro chake n'chakuti ola loyamba limayenda bwino, mavuto n'kuyamba pambuyo pake. Ikwezeni kuti mpweya uzidutsa pansi, ndipo fani yake ikapukutidwe. Chachitatu ndi OBS yeniyeniyo: ngati Encoder ili pa x264, purosesa ndiyo ikusenza vidiyo yonse. Sankhani NVENC, QuickSync kapena ya AMD, malinga ndi zomwe kompyuta ili nazo.

Pali mtundu wina wa kuchedwa womwe Task Manager siuonetsa. Purosesa ikhoza kuoneka kuti ili pa 20 peresenti, koma driver imodzi yolembedwa mosasamala n'kumaigwira kwa nthawi yaitali osaisiya. Pulogalamu ya LatencyMon ya a Resplendence ndiyo imagwira wakubayo. Iyendetseni mphindi 10 kapena 15 pamene zonse zikugwira ntchito monga mwa masiku onse, kenako tsegulani Drivers n'kuona yomwe ili pamwamba pa Highest execution. Mukapeza ndis.sys, nkhani ndi ya netiweki, makamaka Wi-Fi; izimitseni muyese, ndipo kuthetheka kukatha lumikizani intaneti ndi chingwe kapena ikani driver yatsopano ya Wi-Fi kuchokera kwa opanga laputopuyo. nvlddmkm.sys ndi ya khadi la NVIDIA. ACPI.sys imakhudza batire ndi kayendetsedwe ka magetsi, ndipo imeneyi nthawi zina imafuna BIOS yatsopano.

Nanga ngati maikolofoni ndi yoyera koma zochokera ku Chrome, Zoom kapena VLC zokha ndizo zikuthetheka? Pamenepo yang'anani zinthu ziwiri. Mu Start, pansi pa VB-Audio, muli Virtual IO Control Panel. Latency yake imabwera ili pa ma sample 7168, ndipo lamulo la eni ake n'lakuti nambalayi isachepere kuwirikiza katatu buffer yaikulu kwambiri mwa mapulogalamu omwe alumikizidwa. Ngati wina anaitsitsa pofuna kuchepetsa kuchedwa, ibwezeni pa 7168, zimitsani kompyuta n'kuyatsanso. China ndi audiodg.exe, mbali ya Windows yomwe imasakaniza mawu a mapulogalamu. Mu Task Manager, Details, dinani kumanja pa dzinalo, Set priority pa High, kenako Set affinity n'kusiya CPU imodzi yokha, osati CPU 0. Njirayi yathandiza anthu ambiri, makamaka pa Discord, koma imafufutika kompyuta ikazima, ndipo ine ndimaiika kumapeto, zina zonse zikakanika, chifukwa imabisa chizindikiro osachiza nthenda.

Mtundu womaliza ndi wa "the" mmodzi yemwe amabwera pa nthawi yofanana, mwina mphindi zingapo zilizonse. Umenewu ndi wa mawotchi. Chipangizo chilichonse cha USB chili ndi wotchi yake, ndipo ziwiri zolembedwa 48000 sizithamanga ndendende mofanana. Kusiyana kwa magawo 50 okha pa miliyoni kumakwana 0.18 sekondi pa ola. Maikolofoni ya USB apa, ina apo, mahedifoni pa bowo la laputopu: amenewo ndi mawotchi atatu. Njira yokhalitsa ndi kulowetsa mamaikolofoni onse mu interface imodzi kapena mikisa imodzi, ndipo chipangizo chomwecho chikhale pa A1.

Mawu obwereza

Funso loyamba: ndani akumva kubwerezako? Munthu akamadzimva yekha, vuto silikhala kwa iye, mawu ake akubwezedwa kuchokera tsidya linalo. Mlendo wa pa Zoom akati akudzimva, ndinu amene mukumubwezera.

Kakonzedwe koyenera ndi aka. Mu Zoom, Speaker ikhale Voicemeeter AUX Input, Microphone ikhale Voicemeeter Out B2. Pa mzere wa maikolofoni yanu yatsani B1 ndi B2. Pa mzere wa VAIO, momwe mukudutsa nyimbo, yatsani A1 ndi B1, komanso B2 ngati mukufuna kuti mlendo azimva nyimbozo. Pa mzere wa AUX, momwe muli mawu a mlendo, yatsani A1 ndi B1 basi. B2 pa mzere umenewu isayake ngakhale pang'ono. Mlendo amalandira zonse kupatula mawu ake omwe, owonera amalandira zonse kudzera pa B1. Amisiri a wayilesi amazitcha mix-minus. Ngati mukumutumizira nyimbo, yatsaninso Original sound for musicians mu Zoom, apo ayi Zoom iziyesa phokoso n'kumazidula. Ndipo valani mahedifoni. Mlendo akamatuluka pa sipika, maikolofoni yanu imutola n'kumubwezera ngakhale mabatani onse ali bwino.

Owonera akamamva mawu opyapyala, ofowoka, obwereza moyandikana kwambiri, OBS ikutenga chinthu chimodzi kawiri. Desktop Audio ikakhala pa Default imatenga zomwe zikupita ku Voicemeeter Input, pomwe zomwezo zikubweranso pa B1 mochedwerapo pang'ono. Ikani Desktop Audio pa Disabled. Onaninso kamera ndi capture card (kachipangizo kolowetsera vidiyo mu kompyuta), chifukwa zimalowa mu OBS ndi maikolofoni yake. Mu Audio Mixer ya OBS mita yosuntha ikhale imodzi yokha.

Kubwereza komwe kumabwera patapita masekondi angapo, kenako n'kubweranso, n'kubweranso, kumachokera ku tsamba la Facebook kapena YouTube lomwe mwatsegula pa kompyuta yomweyo kuti muziona ndemanga. Chrome ikuseweretsa zomwe mukuwulutsa, zikulowa mu VAIO, zikutuluka pa B1, zikupitanso pa intaneti. Tontholetsani tsambalo. Foni ya munthu amene akuonera ali pafupi ndi maikolofoni imachitanso chimodzimodzi. Malo ena awiri oyenera kuwasuzumira: Listen to this device mu Properties ya maikolofoni, ndi Audio Monitoring mu Advanced Audio Properties ya OBS. Ikakhala pa Monitor and Output pomwe Monitoring Device ili pa Default, OBS imathira mawu ake mu Voicemeeter n'kuwalandiranso.

Zing'onozing'ono zitatu. Nyimbo zikamatsika zokha foni ya pa kompyuta ikangoyamba, pitani mmsys.cpl, Communications, sankhani Do nothing. Windows imabwera itaikidwa kuti izitsitsa mawu ena ndi 80 peresenti. Mathero a mawu akamadulidwa, Gate (yomwe imatsekera mawu otsika) pa mzere wa maikolofoni yakwera kwambiri, ibwezeni pa 0 n'kumakweza pang'onopang'ono. Mahedifoni a Bluetooth asayandikire A1: amachedwa ndi 100 ms kapena kuposa, amaduka, ndipo pulogalamu iliyonse ikangotsegula maikolofoni yake amagwera pa Hands-Free, mawu n'kukhala a mono pa 8000 kapena 16000 Hz.

Zomwe si za kompyuta

Kulira kwa "mmmm" kosalekeza, kwapansi, ndi kwa magetsi. Ku Malawi, Zambia, South Africa ndi Britain magetsi amayenda pa 50 Hz, ndipo kulirako kumakhala pa 50 Hz ndi 100 Hz. Palibe batani la Voicemeeter lomwe lingakuchotse bwino. Kuyesa kwake n'kwa masekondi: zulani chaja ya laputopu. Kukatha, ndi ground loop, kutanthauza kuti mikisa ndi laputopu zafika ku earth kudzera njira ziwiri zosiyana ndipo chingwe cha mawu chasanduka njira ya magetsi otsalira. Lumikizani mikisa, laputopu ndi pulojekita pa extension imodzi. Kukapanda kutha, ikani DI box yokhala ndi batani la ground lift, kapena ground loop isolator, pakati pa mikisa ndi interface. Musathyole mwendo wautali wa pulagi. Umenewo ndiwo umateteza munthu wogwira maikolofoni tsiku lomwe chipangizo chidzachite shoti. Kulira kwa "ziii" komwe kumasintha mukasuntha mouse kumachokera ku chaja yotchipa kapena ku USB, ndipo inverter ya modified sine wave nayo imabweretsa phokoso lake.

Mawu osasa, ophwanyika pamene woyankhula wakweza, ndi gain yochuluka. Kutsitsa fader mu Voicemeeter sikuthandiza ngati anaphwanyikira kale polowa. Mumangopeza mawu ophwanyika otsika. Tsitsani pa interface mpaka kanyali kofiira kasiye kuyaka, ndipo mu OBS mawu aziyenda m'chigawo chachikasu, pakati pa -20 ndi -9 dB, akangokhudza chofiira mwa apo ndi apo. Kulowetsa Main Out ya mikisa pa kabowo ka 3.5 mm ka laputopu ndi gwero lina: kabowoko kanapangidwira maikolofoni ya mahedifoni a foni, ndipo mphamvu ya mikisa imakaposa kutali. Interface ya USB, ngakhale yotchipa, imathetsa zimenezi.

Vuto lomwe limazunguza kwambiri ndi ili: inu pa mahedifoni mukumva bwino, mamita onse akusuntha, koma owonera pa foni akulemba kuti sakumva kanthu kapena akumva pang'ono zedi. Chachitika n'chakuti mwatenga bowo la balanced la mikisa, XLR kapena TRS, n'kulilowetsa pa bowo la stereo. Chingwe cha balanced chimanyamula mawu amodzimodzi kawiri, ena owongoka ena otembenuzidwa. Bowo la stereo limaika owongoka kumanzere, otembenuzidwa kumanja. Pa mahedifoni khutu lililonse limamva mbali yake, koma foni ya sipika imodzi imaphatikiza mbali ziwirizo, n'kufafanizana. Kuyesa kwake: dinani mono pa mzerewo mu Voicemeeter. Mawu akazimirira, ndi zimenezo. Sinthani chingwe, tengani mbali imodzi yokha kapena gwiritsani ntchito mabowo a RCA a mikisa. Batani la mono lomwelo ndilo limakonza maikolofoni yomwe ikumveka khutu lamanzere lokha, zomwe zimachitika ikalowa pa bowo 1 la interface ya mabowo awiri. N'chifukwa chake kuyesa komaliza musanayambe kuzikhala pa foni wamba, pa sipika yake, muli panja pa chipinda.

Milomo ikamasiyana ndi mawu, kawirikawiri vidiyo ndiyo ikuchedwa, chifukwa kamera ndi capture card zimatenga nthawi. Ombani m'manja pamaso pa kamera, jambulani, werengani mafelemu pakati pa kumveka kwa kuombako ndi kukumana kwa manja. Pa mafelemu 30 pa sekondi (30 fps) felemu imodzi ndi 33 ms, ndiye mafelemu 6 ndi 200 ms. Lembani nambalayo pa Sync Offset ya B1 mu Advanced Audio Properties.

Kuchotsa n'kuikanso kuli ndi malo ake: pamene Voicemeeter Input yasowa pa mndandanda wa Windows, kapena Voicemeeter ikudandaula za driver pambuyo pa update yaikulu ya Windows. Dongosolo lake lisadumphidwe. Menu, Save Settings, kuti musunge kakonzedwe kanu mu failo ya XML. Chotsani pulogalamu, zimitsani kompyuta ndi Restart, ikani yatsopano ndi Run as administrator, Restart kachiwiri, kenako Load Settings. Kudumpha Restart yapakatiyo kumasiya driver yakale italumikizana ndi yatsopano. Mukatha, bwererani mu mmsys.cpl, chifukwa Default ndi 48000 Hz zija zimakhala zabwerera mwakale, ndipo Zoom ndi OBS zimafuna kuti musankhenso B1, B2 ndi AUX ngati mayina asintha.